Mowa wowawasa wa zipatso wokhalitsa mumgolo: tikaulawa bwanji Loweruka?

aChisale: Moni nonse. Loweruka pa tebulo padzakhala mabotolo 3. Loyamba ndi oude kriek, mowa wa matcheri wa ku Belgium, la 375 ml. Lachiwiri ndi Rodenbach Alexander, la 750 ml. Lachitatu ndi mowa wa masau wofululidwa konkuno ku Mabvuku mu Harare, umene wakhala miyezi 14 mu kamgolo ka oak ka malita 30, kenako miyezi 2 pa zipatso. Olawa tikhala 5, choncho aliyense 70 ml pa botolo, basi. Chomwe ndikufuna tigwirizane lero ndi ichi: kuwawasa kofunika ndi kuti, kuwonongeka ndi kuti? Tisakafike Loweruka wina n'kumati wakoma, wina wawola, popanda wotha kufotokoza chifukwa chake.

Mphatso: Komatu amalume, kwathu mowa ukawawasa timati wasasa, timangokhuthula. Ndiye apa tikulipira madola ambiri kugula wosasa dala?

Anabanda: Mphatso, Chibuku chomwe mumagula pa Mbare chimawawasa, ndipo simukhuthula. Maheu amawawasa, chambiko chimawawasa. Zonsezo ndi asidi mmodzi, wa lactic, wopangidwa ndi mabakiteriya a Lactobacillus ndi anzake. Mu mowa wa mumgolo asidi ameneyu ndiye mwini nyumba. Mumamumva m'mbali mwa lilime, malovu amadzadza mkamwa, koma m'mphuno simubaya chilichonse ndipo pakhosi pamakhala bata.

Amene mumakhuthula uja ndi asidi wina, wa acetic, yemwe ndi viniga weniweni. Amadziwika musanamwe n'komwe. Mukayandikitsa tambula amabaya m'mphuno, mukameza amakanda pakhosi. Amapangidwa ndi Acetobacter, ndipo Acetobacter sagwira ntchito popanda mpweya. Choncho viniga akachuluka, dziwani kuti penapake mowa unapuma mpweya wambiri.

Pali wachitatu, wochokera mu chipatso chenichenicho: malic mu matcheri, citric mu magalagadeya ndi mandimu, tartaric mu bwemba. Ameneyu amaluma kutsogolo kwa lilime ndi m'mano, ndipo sachedwa kutha. Loweruka muziyesa kuwapatula atatuwa pa tambula iliyonse. Ntchito yaikulu ndi imeneyo.

aMwale: Ndivomereze, koma ndiwonjezere pang'ono kuti tisakaweruze Rodenbach molakwa. Mowa wofiira wa ku Roeselare ku Belgium, komwe Rodenbach amafululidwa, umakhala m'migolo ikuluikulu ya oak yoimirira, ya malita masauzande, mpaka zaka 2, ndipo viniga pang'ono ndi mbali ya kakomedwe kake. Amausakaniza ndi mowa waung'ono, wosakhalitsa, kuti kutsekemera kwa chimera kumugwire vinigayo. Alexander ali ndi matcheri owawasa pamwamba pa zimenezo. Ndiye mukamva kaviniga mmenemo si vuto. Mukamva mlingo womwewo mu oude kriek, yemwe ndi wouma wopanda shuga womuphimba, pamenepo tidzakambirana.

Mphatso: Oude kriek ndi kriek wamba zikusiyana pati? M'mashopu a ku Borrowdale mumapezeka kriek wotsekemera ngati Mazoe.

aMwale: Otsekemerawo amathiramo madzi a zipatso ndi zotsekemeretsa, n'kuupha ndi kutentha kuti usawirenso m'botolo. Pa lebulo pakalembedwa Oude ndiye kuti ndi wa njira yakale, wotetezedwa ndi malamulo a ku Europe: lambic weniweni, matcheri enieni, kuwiranso m'botolo, shuga yense kudyedwa. Lambic amachokera ku Brussels ndi dera la Pajottenland, m'mbali mwa mtsinje wa Senne. Amaphika chimera cha balere ndi tirigu wosamera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndi hops (maluwa owawitsa mowa) wakale amene kuwawa kwake kunachepa. Sathiramo yisiti. Akaphika amasiya madziwo usiku wonse mu chiwaya chachikulu chotambalala kuti azizire ndi kugwira tizilombo ta mumpweya, mmawa n'kuthira m'migolo. Amafulula nyengo yozizira yokha, kuyambira cha mu October mpaka cha mu April, chifukwa usiku wotentha umabweretsa mabakiteriya oipa. Cantillon ku Anderlecht, yomwe inayamba mu 1900, Boon ku Lembeek, ndi 3 Fonteinen ku Beersel ndi ena mwa odziwika. Matcheri amathira 200 g mpaka 400 g pa lita, malinga ndi mtundu wa botolo.

Chikondi: Tisanapite patali, nkhani ya kutsegula. Mabotolo amenewa aimirire mufiriji masiku 2 asanatsegulidwe, kuti nsenga za yisiti zikhale pansi. Asagone, asayende pa kombi tsiku lomwelo. Ndipo tikumbukire kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490. Mpweya wa kuno ndi wopepuka poyerekeza ndi wa ku Brussels, choncho gasi amathawa mwamphamvu botolo likatsegulidwa. Tsegulani lili lozizira, pa 6 mpaka 8°C, matambula ali kale pafupi, chala chachikulu chili pa cork pomasula waya, botolo litaloza kukhoma osati kwa munthu. Cork musaikoke. Igwireni, muzungulitse botolo.

Pothira, thirani ulendo umodzi matambula onse osaimikanso botolo pakati, chifukwa mukaliimika ndi kulipendekanso nsenga zimavunduka. Siyani masentimita 2 pansi. Zotsalazo thirani mu tambula yapadera, ofuna alawe pomaliza.

aChisale: Magetsi akathima Lachisanu usiku?

Chikondi: Ndowa ya madzi ndi ayezi, mphindi 40, botolo litaimirira. Kuzizira kofunika ndi kwa potsegula. Kulawa kwenikweni ndi pa 10 mpaka 13°C, ndipo ndi kutentha kwa masiku ano mowa umafika pamenepo uli mu tambula m'mphindi zochepa. Wozizira kwambiri umabisa fungo, umangosiya asidi yekha, ndiye aliyense amakwinya nkhope n'kumati ndi viniga.

aGama: Matambula akhale a vinyo kapena ena opapatiza kukamwa, otsukidwa bwino opanda fungo la sopo. Pa tebulo pakhale madzi ndi buledi wopanda majarini. Tsabola, fodya ndi mafuta onunkhira zidikire. Kamwedwe koyamba musakawerengere, chifukwa mkamwa mumadzidzimuka ndi asidi. Kachiwiri ndi kachitatu ndiye mumayamba kumva zoona.

Dongosolo lake nali. Yang'anani mtundu poyamba pa pepala loyera. Matcheri ndi mabulosi amakhala ofiira mowala mowa ukakhala ndi asidi wokwanira. Ukayamba kupita ku mtundu wa njerwa kapena wa tiyi, mpweya unalowa kapena botolo lakalamba. Thovu la kriek limakhala lapinki ndipo silikhalitsa. Musachotse mamakisi pa zimenezo, chifukwa mabakiteriya amaphwanya mapuloteni ogwira thovu. Kenako nunkhizani osagwedeza, kenako gwedezani pang'ono munkhizenso. Fungo lina la sulfure, ngati la machesi kapena dzira, limatha lokha pakapita mphindi 5. Lomwe latsala pambuyo pake ndilo la mowawo.

Mphatso: Nanga fungo la khola lija? Ndimamva akuti mowa wabwino umanunkha hatchi.

Anabanda: Ameneyo ndi Brettanomyces, tingoti Brett. Ndi yisiti yakutchire, yochedwa, imene imadya shuga wautali yemwe yisiti wamba yasiya. Anaifotokoza koyamba ndi N. Hjelte Claussen wa ku Carlsberg mu 1904, Carlsberg yomweyo inadzatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968. Brett amapanga mankhwala awiri odziwika, 4-ethylphenol ndi 4-ethylguaiacol. Woyamba ndi fungo la khola ndi chikopa, wachiwiri ndi wa utsi ndi zokometsera. Akakhala pang'ono, pansi pa chipatso, ndiye kukoma kwa mowa wa mumgolo kumeneko. Mowa wowawasitsidwa mwachangu, uja amathira Lactobacillus mu poto pa 35 mpaka 40°C kwa masiku 2 kenako n'kuwiritsa, sukhala nazo zimenezi. Umangowawasa mbali imodzi basi.

Koma pali china chofanana nacho chimene chimasokoneza anthu kuno: fungo la mankhwala a kuchipatala, la pulasitala wa pa bala. Likakhala lakuthwa, lotsalira pakhosi, nthawi zambiri si Brett, ndi klorini. Madzi a pampopi kapena jiki wotsukira ziwiya akakumana ndi ma phenol a mu chimera ndi a yisiti amapanga chlorophenol, ndipo ameneyu lilime limamumva ngakhale ali wochepetsetsa. Satha ndi nthawi. Pofulula gwiritsani madzi a pa chitsime cha borehole, kapena thirani piritsi limodzi la Campden, lochotsa klorini, pa malita 75 a madzi a pampopi musanayambe. Jiki asayandikire mgolo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa mtengo umamumwa.

aChisale: Mayi, tandandalikani zina zoipa kuti tikazidziwe.

Anabanda: Fungo la mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ndi ethyl acetate. Amabadwa viniga akakumana ndi alcohol, choncho amayenda limodzi ndi mpweya ndi kutentha. Wochepa amamveka ngati peyala kapena chinanazi, wambiri amaotcha m'mphuno. Sabwerera m'mbuyo.

Fungo la bata kapena majarini ndi diacetyl, ntchito ya Pediococcus. Pediococcus yemweyo nthawi zina amachititsa mowa kunanda ngati therere, ukamathira umatsika ngati chingwe. Izi zikachitika mumgolo musataye. Brett amadya zonandazo pamodzi ndi diacetyl pakapita miyezi ingapo, ndipo mowa umatuluka wowawasa mozama kuposa kale. Zikapezeka m'botolo, ndiye kuti anafulumira kuthira m'mabotolo. Libwezereni pa shelefu.

Fungo la masanzi a mwana ndi butyric, la masokosi a thukuta ndi isovaleric. Awiriwa amachokera ku mabakiteriya a masiku oyambirira, pH (muyeso umene umatsika asidi akachuluka) isanatsike, kapena ku hops wosungidwa pa chinyezi. Brett amatha kusandutsa gawo lina kukhala fungo la zipatso, koma likachuluka palibe chopulumutsa.

Chomaliza, chovuta kwambiri, ndi THP, mankhwala amene Brett ndi mabakiteriya amapanga. Simuimva m'mphuno ngakhale pang'ono. Mumameza, pakapita masekondi 10 kapena 20 kumabwera kakomedwe ka chimanga chokazinga chogonera, ena amati ka malo ogona makoswe. Imachedwa chifukwa mu asidi imakhala yomangika, ndipo malovu akakweza pH mkamwa ndi pamene imamasuka. Njira yoigwira: donthezani mowa pa chikhatho, tikitani mpaka uume, nunkhizani. Anthu ena saimva konse, choncho awiri akatsutsana pa tebulo, mwina onse akunena zoona. Imakonda kutuluka masabata oyamba mowa ukangothiridwa m'mabotolo, ndipo kawirikawiri imatha pakapita miyezi 2 mpaka 6.

aGama: Wa masau uja wakhala nthawi yanji m'botolo?

aChisale: Masabata 7, amalume.

aGama: Ndiye THP tiiyembekezere, ndipo tisauweruze nayo. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi kamgolo ka malita 30 kwa miyezi 14. Ndi nthawi yaitali kwambiri pa kamgolo kotero.

aMwale: Zoona. Mgolo wa vinyo wamba ndi malita 225, wa bourbon pafupifupi 200. Mgolo ukachepa, mtengo wokhudza lita iliyonse umachuluka. Pa malita 30 ndi pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa 225, ndipo matabwa ake amakhala opyapyala. Ndiye mpweya umalowa wambiri, kakomedwe ka mtengo kamalowanso msanga. Onjezani kuti miyezi 14 ikutanthauza kuti mowawo wadutsa mu October mmodzi, pamene masana amafika 30°C, ndipo mu galaja ya malata kumaposa pamenepo. Acetobacter amasangalala pa 25 mpaka 30°C. Mgolo umafuna 12 mpaka 18°C, zomwe kuno zimapezeka zokha m'miyezi yozizira basi.

Chochita: mgolo ukhale m'chipinda chamkati cha simenti, mbali ya kumwera kwa nyumba komwe dzuwa silifika kwambiri, pa timatabwa osati pansi penipeni. Kamgolo kakang'ono kapakeni phula la njuchi kunja, kupatula mitu yake. Mu nyengo youma, kuyambira May mpaka mvula itayamba, matabwa a pamwamba amauma n'kutsegula timing'alu, choncho pakhale beseni la madzi pafupi ndipo muzinyowetsa pansi. Mowa ukatsika chifukwa cha kuuma, dzazani pang'onopang'ono ndi payipi yofika pansi pa mowa, osathira mogwetsa. Ndipo airlock, kachitsekerero ka madzi kotulutsa gasi osalowetsa mpweya, isaume. Airlock youma ndi khomo la tintchentche ta zipatso, tomwe timanyamula Acetobacter m'miyendo.

Mphatso: Nanga kulawa mowa uli mumgolo? Munthu sangadikire chaka osadziwa zomwe zikuchitika mkatimo.

aMwale: Apo ndiye pamene ambiri amaonongera. Kutsegula chitsekerero sabata iliyonse ndi kulowetsa mpweya sabata iliyonse. Pamwamba pa mowa pamamera kachikopa koyera, nthawi zina kokhala ndi matuza. Si chuku, ndi Brett ndi mabakiteriya akumana ndi mpweya, musakaboole. Chuku chimakhala ndi ubweya ndi mtundu wobiriwira, wakuda kapena wabuluu, ndipo chikaoneka mowawo watha ntchito. Polawa, boolani kabowo kakang'ono pa mutu wa mgolo cha m'munsi, mutsekepo ndi msomali wa stainless. Mukafuna kulawa zulani ndi pulayala, tengani 50 ml, bwezerani. Kamodzi pa miyezi 2 ndi kokwanira. Msomali wamba ayi, asidi amaudya, mowa umamveka dzimbiri ndipo umada.

Chikondi: Achimwene, tanenaninso za mtengo weniweniwo, timva chiyani?

aMwale: Oak wa ku America amapereka vanila ndi kokonati. Wa ku France amapereka zokometsera zofatsa ndi kuumitsa mkamwa kwa tannin. Koma mu lambic musayembekezere zambiri, chifukwa migolo yawo ndi yakale, inapereka kale zonse kwa vinyo. Ntchito yake ndi kusunga tizilombo m'ming'alu ndi kulowetsa mpweya pang'onopang'ono. Kamgolo katsopano ndi nkhani ina. Mukamva thabwa laliwisi, ngati mwaluma pensulo, ndipo m'kamwa muuma mpaka milomo kumamatira m'mano, ndiye kuti mtengo wapambana mowa. Mankhwala ake ndi kuyamba kukalambitsa mgolo ndi mowa wina wamba kawiri kapena katatu, wowawasa n'kudzalowa pambuyo.

Migolo yogwiritsidwa kale ntchito imachokera ku minda ya mphesa ya ku Cape kudzera pa Beitbridge, ndipo imafika youma. Nunkhizani pa bowo musanalipire. Mukamva viniga kapena chuku isiyeni, ipite ikadzalidwe maluwa. Wouma udzazeni madzi opanda klorini masiku 2 kapena 3 mpaka usiye kudontha. Mukausunga wopanda mowa, thiranimo madzi okhala ndi 2 g ya potassium metabisulphite ndi 1 g ya citric acid pa lita. Chenjezo limodzi: musayatse sulfure mu mgolo umene munali whisky kapena brandy. Umaphulika.

aChisale: Tibwerere ku zipatso. Masau tikayembekezere chiyani?

Chikondi: Masau a ku Muzarabani ndi chigwa cha Zambezi amafika pa Mbare miyezi yozizira, aawisi ndi ouma. Aawisi okhwima bwino amapereka kakomedwe ka apozi wowawasa. Ouma ndi opsa kwambiri amapereka fungo lamphamvu lija mukulidziwa, lopita ku tchizi, ndipo pa tebulo wina akhoza kulisokoneza ndi isovaleric. Choncho pakhale mbale ya masau omwewo pambali, tizinunkhiza chipatso kenako tambula. Njira imeneyi imathetsa mikangano yambiri.

Chachiwiri: musayembekezere kutsekemera. Shuga yense wa chipatso amadyedwa. Chotsala ndi fungo, asidi, mtundu ndi khungu. N'chifukwa chake zipatso zodalira shuga, monga masuku ndi mango, zimakhumudwitsa. Masuku akawira amatsala opanda mawu, ndipo khungu lake limaumitsa mkamwa. Zomwe zimaimba bwino ndi zomwe zili ndi fungo ndi asidi wawowawo.

Milingo pa mowa wa malita 20: mabulosi, a mu September ndi October, makilogalamu 5 mpaka 6, mtundu wokongola koma fungo lofatsa. Maplamu ndi mapichesi a ku Nyanga, makilogalamu 4 mpaka 6, odula pakati. Magalagadeya, zamkati zokha, makilogalamu 2, chifukwa asidi wake ndi wamphamvu ndipo mowa umene uli kale pa pH 3.3 ukhoza kufika posamweka. Masau aawisi makilogalamu 6, popeza nthanga ndi yaikulu ndipo mnofu ndi wochepa. Ouma yambani ndi makilogalamu 2. Malambe ndi bwemba musathire mwachimbulimbuli: tengani matambula 4 a 100 ml, thirani 1 g, 2 g, 3 g ndi 4 g, lawani, kenako muchulukitse mlingo womwe wakoma.

Sankhani chimodzichimodzi, chotsani zoboola mphutsi ndi zachuku, tsukani, ikani mufiriza masiku 2 kuti mnofu uphwanyike. Firiza siipha tizilombo, koma mowa umene uli kale ndi asidi ndi alcohol umadziteteza. Zipatso zipite mu chidebe china, mowa n'kutsanulidwa pamwamba pake ndi payipi. Musazikankhire mumgolo wa bowo laling'ono, simudzazitulutsa. Siyani mpata wa gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa zimafufuma, ndipo zikayandama muzizimiza pogwedeza chidebe, osatsegula. Zoyandama zouma ndizo zimamera chuku.

Mphatso: Nthanga bwanji? Ndinamva kuti za matcheri zili ndi poizoni.

Anabanda: Mkati mwa nthanga za matcheri, mapichesi ndi maplamu muli amygdalin, yemwe akaphwanyika amatulutsa benzaldehyde ndi cyanide pang'ono. Benzaldehyde ndi fungo la amondi lomwe mukalimve mu oude kriek, ndipo n'lofunika. Nthanga zikakhala zamphumphu kwa miyezi 2 kapena 3 palibe choopsa. Musaziphwanye, musazigaye mu blender, basi. Za methanol zomwe anthu amaopa pa kachasu wa masau sizikhudza mowa uno, chifukwa sitikutcheza.

aGama: Mayi, mudzabwere ndi zoyezera zanu, tisadalire malilime okha.

Anabanda: Ndibwera ndi pH meter ndi hydrometer, choyezera shuga wotsala mu mowa. Mowa wamba ngati lager umakhala pa pH 4.1 mpaka 4.5, wowawasa pa 3.2 mpaka 3.5. Tiyamba tachotsa gasi pokhuthulira sampulo uku ndi uku, meter itakonzedwa ndi madzi a pH 4 ndi 7. Koma pH payokha imanama pang'ono. Mowa iwiri ikhoza kukhala pa 3.3 yonse, wina wofatsa wina woluma, chifukwa lilime limamva kuchuluka kwa asidi yense. Kuyeza kwake: 10 ml ya mowa wopanda gasi, kudonthezamo sodium hydroxide wa 0.1 N mpaka pH ifike 8.2. Mililita iliyonse yomwe yalowa ndi 0.9 g ya lactic pa lita. Tikayeza onse atatu tidzaona ngati amene tikumuti woluma kwambiri alidi ndi asidi wambiri, kapena ndi viniga chabe amene akutipusitsa.

Hydrometer ndi ya wa masau. aChisale, unalowa m'botolo uli pa ziti?

aChisale: Pa 1.006, ndi shuga 8 g pa lita. Mabotolo ndi a champagne.

Anabanda: Mabotolowo ndiye mwachita bwino, koma 1.006 ndi pamwamba. Werengerani nane. Shuga 4 g pa lita amapereka volume imodzi ya gasi (lita imodzi ya gasi pa lita ya mowa), ndiye 8 g ndi ma volume 2. Mowa wochoka pa zipatso umakhala ndi gasi wake wotsala, tinene 0.8. Tafika 2.8. Tsopano Brett akapitiriza kudya kuchoka pa 1.006 kufika pa 1.002, 0.001 iliyonse ndi theka la volume, ndiye ma volume 2 ena. Tafika pafupi ndi 5. Botolo la champagne lipirira, koma theka la mowa lithera padenga. Likanakhala botolo la lager lobweza, lomwe linapangidwira ma volume osafika 3, bwenzi tikunena za magalasi m'maso. Lamulo lake ndi loti hydrometer iwerenge nambala yomweyo kawiri, motalikirana masabata 4 mpaka 6, musanathire m'mabotolo. Loweruka tikayeza n'kupeza watsika kufika 1.003, otsalawo alowe mufiriji onse.

aMwale: Ndipo litsegulidwe panja, litazizira kuposa enawo, jagi ili pansi pake.

Mphatso: Viniga akapezeka wambiri mu wa masau, sitingathire soda kapena shuga kuti achepe?

aGama: Soda amapha asidi wabwino pamodzi ndi woipa, n'kusiya kakomedwe ka mchere ndi sopo, ndipo fungo la ethyl acetate limatsalabe. Shuga m'botolo lamoyo ndi bomba. Njira ndi kusakaniza ndi mowa wina waung'ono wouma, wopanda viniga, monga amachitira ku Roeselare. Yesani mu tambula ndi sirinji: magawo 3 a waung'ono pa gawo limodzi la wakale, kenako 2 pa 1, kenako 1 pa 1. Pomwe viniga sakubaya mphuno koma chipatso chikumvekabe, imani pamenepo. Ngati pa 3 pa 1 akubayabe, ameneyo ndi wa saladi, ndipo mgolowo usalandirenso mowa.

aMwale: Apo pokha ndikutsutsani, amalume. Mgolo wa viniga pang'ono ukhoza kutsukidwa ndi madzi otentha kwambiri kangapo, n'kugwiranso ntchito pa mowa wa miyezi 4 kapena 5 wa nyengo yozizira. Migolo kuno ndi yosowa, sitingataye msanga.

aGama: Acetobacter amalowa mkati mwa thabwa mamilimita angapo, madzi otentha safikako mokwanira. Mudzatsuka, mudzadikira miyezi 5, mudzakolola viniga yemweyo.

aMwale: Amalowadi, koma popanda mpweya sachita kanthu. Mgolo wodzaza, wopakidwa phula, wokhala pa 15°C, amangogona. Tiyeni tiyambe talawa, mwina tikukangana za matenda omwe kulibe.

Chikondi: Tiyambira uti?

aGama: Oude kriek poyamba, chifukwa ndi wouma ndipo mkamwa mukadali mwatsopano. Wa masau wachiwiri, kuti tiuyerekeze ndi kriek pafupipafupi. Alexander pomaliza, popeza ali ndi kutsekemera, ndipo ukamwa wouma pambuyo pa wotsekemera umamveka woluma kuposa mmene ulili. Aliyense alembe yekha pa pepala mphindi 10 osayankhula, kenako tiwerengerane. Siyani pang'ono mu tambula iliyonse mudzabwerereko pakatha theka la ola, chifukwa wotentha ndi amene amaulula viniga ndi mtengo.

Anabanda: Odwala chilungulira adyeretu, ndipo pasapezeke wotsuka mano atangomaliza. Asidi amafewetsa mano, dikirani mphindi 30, chukuchani ndi madzi kaye. Zakudya zibwere tikamaliza kulemba: tchizi, mtedza wopanda tsabola, nkhumba yootcha. Kapenta ayi, amachititsa mowa wofiira kumveka chitsulo.

Mphatso: Ine ndibweretsa botolo la maheu osatsekemera ndi viniga woyera, tithire kadontho mu madzi, tiyambe talawa zimenezo kuti lilime lidziwe kusiyana kwake.

Anabanda: Bweretsani. Viniga akhale 5 ml mu 200 ml ya madzi, osaposa, apo ayi mphuno ifa tisanayambe. Mubwerenso ndi ndimu imodzi ya asidi wachitatu uja.

aChisale: 2 koloko masana. aMwale, jagi ndi ndowa ya ayezi zili kwa inu.